Mbande 211 za Apongozi

Apongozi anga aamuna, a ku Lungwena, anagula mbande 211 za bulugamu ndipo ankafuna kuzidzala m'mizere yofanana. Ine ndimaphunzitsa masamu kusekondale. Nditangomva nambalayo ndinaiyesa chamumtima: 3 anakana, 7 anakana, 11 ndi 13 chimodzimodzi. Inali pulayimu, nambala yosagawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe. Mizere yofanana sikanatheka.

Sindinawauze. Chaka chapitacho iwo ananena pamaso pa alamu anga kuti masamu anga sanadzalepo ngakhale phesi la chinangwa, ndipo mawuwo anali adakandiwawa.

Unali mwezi wa Ramazani. Mkuluyo, wosadya wosamwa, ankakhoma zikhomo, kukoka chingwe, kuyala mbande, kenako n'kuzulanso zikhomozo. Atayesa mizere khumi ndi iwiri, zinatsala zisanu ndi ziwiri. Atayesa khumi, inatsala imodzi. Ine ndinagwira nsonga ya chingwe, nkhope ili yachifundo, n'kumati, "Yesani mizere ina, bambo, mwina zitheka."

Dzuwa litapendeka anabwerera ku mizere khumi ija. Anakhala pansi, milomo itauma gwa, n'kuyang'anitsitsa kambande kotsalako.

"Aphunzitsi, aka kakukana anzake. Katengeni mukadzale kwanu. Mwandithandiza kwambiri lero."

Ndinalandira ndi manja awiri.

Mtengowo uli kuseri kwa nyumba yanga, ndipo unapitirira kale denga. Apongozi akabwera amausisita, n'kuuza ana anga kuti bambo awo ndi munthu woleza mtima.