Funso la Anwari kwa Woweruza Wandevu Zoyera

Mariyali asanu ndi atatu: mpira wa tenisi ndi tepi yofiira youkulungira, m'kashopu ka ku Najma. Ndi ndalama yokhayo imene Anwari anaikapo kuti alowe m'masewera a kiriketi, chaka chimene anafika ku Doha kudzagwira ntchito ya ulonda.

Kwawo ku Ntaja masewerawa anali asanawaonepo. Anzake a ku Sri Lanka ogona nawo nyumba imodzi ndiwo anamukokera pabwalo loimikapo magalimoto ku Al Thumama Lachisanu lina m'mawa, timu yawo itaperewera munthu mmodzi. Dzanja lozolowera kugenda anyani m'munda silinachedwe kuphunzira. Posakhalitsa ankaponya, kumenya ndi kuwakha, zonse bwinobwino, ali Mmalawi yekha pabwalo lonselo.

Vuto linali pakamwa. Pa kiriketi, mpira ukakhudza thabwa lomenyera n'kuwakhidwa usanagwe pansi, womenya watuluka. Koma ukangokhudza pang'ono, woweruza sanena kanthu mpaka wina amukuwire momufunsa. Woweruza wawo anali dalaivala wa ku Pakistan, wandevu zoyera, wofanana msinkhu ndi bambo ake a Anwari. Kukuwira munthu wotere kunkamukanika. Ankamva yekha kaphokoso ka mpira pathabwa, n'kungoyang'ana pansi, womenya uja n'kupitiriza kumenya.

Timu itagonja kawiri chifukwa cha zimenezi, kaputeni anamuuza mosabisa kuti akakhalanso chete sabata yotsatira, khalasi, basi zatha, malo ake apereka kwa wina. Mussa, Mmalawi mnzake wogwira ntchito kuhotela, atamva nkhaniyi anamuseka.

"Anyani unkawalalatira tsiku lonse, lero mawu athera pati?"

"Anyani si akuluakulu anga," anayankha Anwari.

Lachisanu litafika, mpira wina umene anaponya unakhudza thabwa mwakachetechete, wowakha kumbuyo n'kuugwira osadziwa n'komwe kuti wakhudza. Anwari anatembenukira kwa woweruza, nawerama pang'ono, nawomba m'manja monga achitira kwawo pofika pamene pali akuluakulu. Kenako anakweza mawu mpaka bwalo lonse linamva.

"Bambo, pepani, mwaona bwanji pamenepa?"

Mkuluyo Chichewa sankachimva, koma funso analimva. Anamwetulira, nakweza chala m'mwamba, kusonyeza kuti womenya watuluka. Za kupereka malo kwa wina kaputeni sanazitchulenso, ndipo kuyambira tsikulo timu yonse imafunsa woweruza powomba m'manja.

Tsopano Anwari akufuna timu ya Amalawi okhaokha. Pakufunika anthu khumi ndi mmodzi. Wapeza kale asanu ndi awiri, kuphatikizapo Mussa, amene amatsinzinabe mpira ukamabwera. Lachinayi akaweruka apita ku Najma kukagula mipira ina, kenako ku Al Aziziya kukalankhula ndi madalaivala anayi ochokera ku Machinga.