Chilonda cha pachala cha bambo

Mayeso amene ndinalephera m'chaka chachinayi cha maphunziro a udokotala sanali olemba. Anandiimika pambali pa bedi la mayi wina n'kundiuza kuti ndimupime m'mimba. Ndinagwira, ndipo ndinamva bwinobwino kuti kapamba watupa. Ondiyesa anali dokotala wamkulu waimvi. Anagwira nawonso, n'kundifunsa modekha ngati si zoona kuti panalibe chotupa chilichonse. Ine ndinayang'ana pansi n'kuvomera. Unali msampha, ndipo ndinalowamo maso ali gwa.

Anandiuza kuti ndidzabwereze pakatha milungu isanu ndi umodzi. Ndinakwera minibasi yopita kwathu ku Malomo ndikudziona ngati mbuli imene inalowa koleji mwangozi. Anzanga olephera aliyense anali ndi mankhwala ake, wina mowa, wina kukasala kudya kuphiri, wina kumangoti aphunzitsi amamuda. Ine chinkandisowetsa mtendere chinali funso. Zala zanga zinadziwa zoona, nanga pakamwa panavomereranji bodza?

Kunyumba ndinayamba kudzimvetsera. Bambo anga anaphunzitsa pasukulu ya mishoni mpaka kupuma, ndipo ndi mkulu wa mpingo. Akati lero kugwa mvula, ine eya. Akati tiyiyu shuga wachepa, ine eya, chonsecho ndathira ndekha masupuni atatu. Ndinadabwa kuona kuti ndimavomera iwo asanamalize n'komwe kulankhula. Kwathu mwana wotere amamutama kuti analeredwa bwino, ndipo pamenepo ine ndinali katswiri. Ngakhale amayi, amene samva za munthu, amayamba avomera kaye kenako n'kukachita zawo.

Tsiku lina ndikuwathirira bambo madzi osamba m'manja, ndinaona chilonda pachala chachikulu cha kuphazi kwawo. Anati linawatema khasu, chipola chokha. Koma ndinali nditaona kale mmene ankagugudira madzi, maulendo osatha a kuchimbudzi, ndi lamba amene anamuboola bowo lina chifukwa chowonda. Mumtima ndinadziwa kuti ndi matenda a shuga. Ndinati eya. Ndinadziuza kuti munthu wolephera mayeso alibe pakamwa, ndipo ndinabwerera kumabuku anga kukawerenga za matenda omwewo.

Panapita milungu iwiri. Lamlungu lina m'mawa ndinawapeza pakhonde akulimbana ndi nsapato ya kutchalitchi, phazi likukana kulowa. Chala chinali chitada, ndipo fungo lake ndinalizindikira, ndi lija la kuwodi kuchipatala. Anaseka n'kunena kuti chatsala pang'ono kuuma. Ndinagwada.

"Ayi bambo, chimenechi sichipola chokha. Tipite kuchipatala lero lomwe."

Ndinkayembekezera kukalipiridwa. Iwo anandiyang'ana, nsapato ili m'manja.

"Nanga unakhaliranji chete masiku onsewa, mwana wanga? Ine ndimati poti adokotala aona osanena kanthu, ndiye kuti palibe choopsa."

Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo ngakhale tsiku la mayeso lija. Ine ndinkati kukhala chete ndi ulemu, osadziwa kuti iwo ankadikira mawu anga.

Kuchipatala cha paboma anapeza shuga atakwera kwambiri. Phazi analipulumutsa, koma chala anadula. Mayeso obwereza aja ndinakhoza. Bambo mpaka lero amatsimphina pang'ono akamakwera chitunda cha kutchalitchi, ndipo sanandinenepo ngakhale kamodzi.