Zenera la Kalavani ya Adadi

Ndikukumbukira kuti linali Lachitatu, sabata yachiwiri ya Julaye, sukulu titatsekera. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ndinali nditakwera pa bokosi kuseri kwa nyumba ya Mayi Docherty ku Govan, dera lathu mumzinda wina wa ku Scotland, ndowa ili pansi, kawaya kotsukira mapoto kali m'manja, ndikukwecha zenera la kalavani ya adadi ndi mtima wanga wonse. Tsikulo ndikulidziwa chifukwa ndinalilemba. Masiku amenewo ndinkalemba chilichonse m'kope lachikuto chofiira, m'Chichewa, kuti anzanga a m'kalasi akalitola asamve kanthu. Pakamwa panga pankatuluka mawu ochepa kwambiri, moti mphunzitsi wina anatha teremu yonse akuganiza kuti sindimva Chingerezi.

Kalavaniyo inali kanyumba ka matayala awiri kokoka ndi galimoto. M'kati munali bedi, katebulo kopinda ndi kasitovu, ndipo munkanunkha chinyontho. Adadi anaigula kwa mnzawo wa kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba. Ife tinkakhala m'chipinda cha pamwamba penipeni pa nyumba yosanja, opanda bwalo, ndiye Mayi Docherty, gogo wachizungu wa mumsewu wathu, anavomera kuti iziima pabwalo lawo. Chiyambire kubwera ku Scotland tinali tisanapiteko kutchuthi kulikonse. Amami ankagwira ntchito ya unamwino pachipatala chachikulu cha mumzindamo, adadi kwa okalamba awo, ndipo masiku awo opuma sankakumana. Chaka chimenecho anawagwirizanitsa.

Kumpingo nkhani ya kalavani inawasangalatsa anthu. A Chirwa, mkulu wa mpingo, anafunsa pa tiyi ngati munthu angakwere ndege ziwiri kuchokera ku Lilongwe kuti adzagone m'ngolo. Adadi anaseka nawo. Komabe anawaitana a Chirwa ndi mabanja angapo kuti Loweruka masana adzaipempherere, monga timachitira munthu akagula galimoto. Kwa ine anangoti: "Usaigwire, Tadala. Tidzatsuka limodzi Loweruka m'mawa."

Ine ndinali nditaiona bwino kalavaniyo. Mazenera ake anali atamera ndere yobiriwira chifukwa cha mvula ya kuno, ndipo ndinkachita kuwaona m'maganizo a Chirwa akupititsa chala pamenepo n'kuchionetsa kwa anzawo. M'mawa umodzi wa Loweruka sukanakwanira. Tsono ine ndinaleredwa ndi amami, amene mapoto awo ankawala moti unkatha kudziona mano. Chiphunzitso chawo chinali chimodzi: chinthu chikakana kuyera, chikweche. Choncho onse atapita kuntchito, ndinatenga kawaya katsopano pansi pa sinki n'kuyamba ndi zenera lalikulu la kutsogolo, loyang'ana pageti, limene alendo akanayamba kuona.

Ndere inachoka msanga. Zenera lili lonyowa linkaoneka bwino kwambiri, ndipo ndinatsika pabokosi ndikudzimva kuti ndine mwana wothandiza. Kenako kadzuwa kanatuluka. Pamene madzi ankauma, zenera linayamba kuyera mbuu, kuyambira m'mwamba kutsika. Linadzaza timizere tozungulirazungulira, tina takuya moti chikhadabo chinkakodwamo. Linali ngati diso la ng'ala. Ndinaligogoda ndi chala, ndipo silinalire ngati galasi. Linali la pulasitiki.

Madzulo amenewo adadi anabwera akuimba chapansipansi, atagula mapu. Anawayala patebulo n'kundionetsa msewu wopita kumapiri. Ndinagwedeza mutu paliponse pamene anaika chala. M'kope ndinalemba mzere umodzi wokha, kuti ndawononga zenera ndipo kwatsala masiku atatu.

Lachinayi ndinadzuka ndi nzeru. Zenera lija linali lotuwa, ndipo kutuwa ndinkakudziwa. Nyengo yozizira miyendo yanga inkatuwa chomwecho, amami n'kundigwira pakhomo akuti mwana wa munthu sayenda ngati wagona paphulusa. Ndinatenga botolo lawo la mafuta odzola n'kukalipaka zenera lonse ndi chikhatho. Musaseke, zinatheka. Timizere tonse tinabisala. Ndinakhala pabokosi ndikupuma kwa nthawi yoyamba chiyambire dzulo lake. Koma kamphepo kochokera kumtsinje kanayamba kubweretsa fumbi, kenako tizilombo, kenako nthenga ya mbalame zoyera zija zimalira padenga. Zonse zinamatirira.

Ndili m'kati mochotsa nthengayo, ndinamva masilipasi kumbuyo kwanga. Mayi Docherty anali aafupi, a tsitsi loyera, a mawu okhuthala, ndipo kapu ya tiyi sinkachoka m'manja mwawo. Chiyambire kuwadziwa ndinali ndisanawauzepo mawu oposa moni. Anapititsa chala pazenera, n'kuchinunkhiza.

"Ukufuna kuikazinga kalavaniyi, hen?"

Mkazi aliyense, wamng'ono kapena wamkulu, ankamuitana choncho. Ndinatulutsa kawaya m'thumba n'kuwaonetsa, misozi ikuyenderera mpaka pachibwano. Anakayang'ana, anayang'ana zenera, n'kumwa tiyi wawo.

"Bambo ako sindikawauza," anatero. "Koma akandifunsa sindinama. Katenge madzi ofunda ndi sopo, tichotse kaye zonyansazi."

Ndinadziwa tsiku lomwelo kuti ali mtsikana ankagwira ntchito pamalo opangira sitima zapamadzi, pomwe mpaka lero pamamveka zitsulo kulira. Ntchito yawo inali yowalitsa matabwa a m'zipinda za sitimazo. Analowa m'shedi n'kutuluka ndi chitini cha masikono chodzaza ndi sandipepa wodulidula, tepi, botolo lopopera madzi ndi kachitini ka polishi. Ndinamuyang'anitsitsa sandipepayo. Ndinali nditalikanda kale zeneralo, ndiye ankafuna kuti ndilikandenso. Ndinalimba mtima n'kufunsa, ndi mawu otsika moti anachita kuwerama kuti amve.

"Mzere wakuya sungaudzaze," anatero. "Umatsitsa malo ouzungulira mpaka pafanane. Liyamba laipa kaye. Usathawe."

Tinamata tepi pa labala wa m'mbali. Sandipepa tinamuviika m'ndowa kuti afewe. Anandiuza kuti ndiziyendetsa dzanja mowongoka, osati mozungulira, ndipo pasaume ngakhale pang'ono. Pepala loyamba linali lokhakhala, ndipo ndinaliyendetsa chopingasa. Pepala lachiwiri, losalalirapo, chotsika, mpaka mizere yopingasa yonse itatha. Pepala lachitatu chopingasanso. Madzi ankayenderera oyera ngati mkaka, kutsika m'dzanja mpaka kulowa m'juzi. Kamvula kankawaza n'kusiya. Fungo la labala wonyowa ndimalimvabe ndikatseka maso. Pofika madzulo a Lachinayi zenera linali loyera ngati pepala, losaonetsa ngakhale mthunzi wa katani wa m'kati, ndipo ndinapita kunyumba ndili wotsimikiza kuti gogoyo wandimaliza.

Mayi Docherty sanagwire sandipepa ngakhale kamodzi. Zala zawo zinali zopindika ndi nyamakazi. Anakhala pampando wopinda, atafunda bulangete m'miyendo, nthawi zina maso ali chitsekere. Ntchito ankaimva ndi khutu. Pepala likamayenda bwino limanong'ona, koma ukaika mphamvu limalira mokhakhala. Ndikangotopa n'kufuna kufulumira, mawu ankachokera pampando paja: "Ukukanikiza." Anandifotokozera kuti ukakanikiza umakumba chigwa, ndipo ukayang'ana pazenera loterolo mitengo imaoneka yokhota mpaka kalekale.

Lachisanu tinafika pa pepala lomaliza, losalala ngati chikuto cha kope. Kenako anandipatsa malaya akale ofewa ndi polishi, woyera ngati mankhwala otsukira mano. Apa ndiye anandilola kuzungulira. Ndinapukuta pakona pamodzi mpaka phewa linawawa, ndipo mwadzidzidzi panatseguka kadanga kakang'ono ngati khobidi. M'kadangamo ndinaona duwa lachikasu la pa katani. Ndinatembenuka kuti ndiwauze, koma anali akumwetulira kale. Kadangako kanakula mpaka cha m'ma folo koloko zenera lonse linali mbee. Makina aatali onyamulira zitsulo a kumtsinje ankaonekeramo, ndi mitambo yomwe.

Ndinabwerera m'mbuyo mpaka pageti kuti ndilione bwino, ndipo chimwemwe chinathera pomwepo. Mazenera ena asanu anali achikasu, otopa ndi zaka. Langa lokha linkawala ngati dzino lagolide. Ndinagwira ntchito masiku awiri kuti ndibise mlandu, koma tsopano wakhungu yekha ndiye akanalephera kuona.

Loweruka m'mawa adadi anaitanidwa kuntchito chifukwa mnzawo anadwala, moti kutsuka kuja kunalephereka. Anafika pabwalo nthawi imodzi ndi alendo, atavalabe yunifolomu. Amayi a kumpingo anabwera atamanga zitenje pamwamba pa makhoti, atanyamula mafulasiki ndi mandasi. Mayi Docherty anatulutsa mpando wawo. A Chirwa anazungulira kalavani manja ali kumbuyo, akumenya matayala ndi nsapato. Atafika kutsogolo anatambasula dzanja kuti agwire katani, poganiza kuti zenera ndi lotsegula, ndipo zala zawo zinagunda pulasitiki. Anthu anaseka.

"A Mbewe, mwagula zenera latsopano limodzi? Enawa mudzagula chaka chamawa?"

Adadi anayandikira. Analiyang'ana, anayang'ana la pambali pake, kenako anapita kwa Mayi Docherty atagwira manja pamodzi n'kuyamba kuthokoza mwaulemu wonse wa kwathu.

"Si ine," anatero gogoyo. "Ine ndinangokhala pampando." Anandiyang'ana kudzera pamwamba pa kapu yawo, ndipo bwalo lonse linatembenukira kwa ine.

Ndinayamba m'Chingerezi cha ku Govan, mothamanga, ndikuyang'ana nsapato zanga. Ndisanafike pakati amami anandidula. "Lankhula Chichewa, akuluakulu amve." Choncho mwana amene sankatha kuyankha dzina lake m'kalasi anaulula mlandu wake kawiri, m'zinenero ziwiri, pamaso pa mpingo. Nditafika pa mafuta odzola amayi aja anagwirana mapewa ndi kuseka, amami n'kunena kuti tsopano adziwa kumene botolo lawo linathera.

Adadi sanaseke. Akafuna kulankhula nane nkhani yaikulu ankanditchula ndi mfunda, ngati munthu wamkulu.

"Nambewe, ndinati chiyani?"

"Munati ndisaigwire."

"Ndiye mwatani?"

"Ndinaigwira."

Kenako anatenga dzanja langa n'kulitembenuza. Nsonga za zala zinali zitasupuka, zosalala ngati za khanda. Anaziyang'ana, n'kuyang'ananso zenera.

"Atsala angati?"

"Asanu."

"Tiyamba alendo akapita."

A Chirwa anapemphera pemphero lalitali. Anapempherera matayala, msewu, woyendetsa ndi mvula, ndipo kumapeto anawonjezera ana amene samvera koma amagwira ntchito. Za ngolo sanatchulenso.

Alendo atapita, Mayi Docherty nawonso atalowa m'nyumba, adadi anapinda manja a yunifolomu n'kutenga sandipepa. Anati zenera lachiwiri achita okha, ine ndizipopera madzi. Manja awo anali ozolowera kunyamula anthu akuluakulu kuwachotsa pabedi, ndipo chilichonse pamoyo wawo ankachichita ndi mphamvu. Pepala linayamba kulira mokhakhala. Ndinamva bwinobwino. Ndinatsegula pakamwa, koma mwana amene wangokhululukidwa kumene angawauze bwanji bambo ake kuti akulakwitsa? Ndinangopopera madzi ambiri. Mwamwayi mvula inabwera tisanapite patali.

Ulendo uja tinapitadi. Tinafika pa nyanja ina ya pakati pa mapiri, ola limodzi kuchokera mumzinda, ndipo mvula inagwa masiku anayi mwa asanu. Tsiku louma lija tizilombo toluma ta kumeneko tinatithamangitsira m'kati. Choncho tchuthi chathu choyamba tinachionera pazenera, atatu titapanikizana pakatebulo, amami akudandaula kuti sitovu ya mbale imodzi si sitovu. Sindikukumbukira sabata ina imene tinakhala pamodzi chomwecho.

Bwalo la Mayi Docherty kulibenso. Iwo anamwalira ndili kusekondale, ndipo pamalopo anamangapo nyumba zosanja zatsopano. Kalavani inayenda nafe zaka zisanu denga lisanayambe kudontha. Adadi anapuma pantchito, ndipo manja awo aja tsopano amanjenjemera akanyamula kapu. Masiku ano mwana akakanda chinthu amayang'ana pafoni, n'kupeza yankho asanalire n'komwe. Ndi zabwino, koma sakumana ndi gogo wa masilipasi. Ine ndimagwira ntchito yolankhula ndi anthu tsiku lonse, ndipo amene amandidziwa lero savomereza kuti ndinali wamanyazi.

Kope lofiira lija ndidakali nalo. Tsamba la Loweruka limenelo ndi lodzaza mbali zonse, zilembo zopendekeka chifukwa cholembera chinkandiwawa m'zala. Pansi penipeni ndinalemba kuti: "Mawa tikaweruka kutchalitchi tikapitiriza zenera lachiwiri. Ndiwauza adadi kuti akukanikiza."