Mkaka Unatuluka Ndili M'zovala Zakuda

Ena ndikawauza amati ndikukokomeza, koma izi zinandichitikira ine ndemwe, ndipo amayi amene ndinkagulitsa nawo tomato pamsika wa Lirangwe akhoza kundichitira umboni.

Amuna anga, amene ankagwira ntchito ya ulonda ku Chileka, atamwalira, ndinavala zakuda kudikira kuti chaka chikatha abale awo adzandisudzule. Tsikulo lisanafike mkazi suyandikira mwamuna, nanga ndi chisoni chimene ndinali nacho, mwamunayo ndikanamufuniranji? Msambo utasiya ndinati ndi maganizo, mutu utayamba kuwawa ndinati ndi kulira.

Ndiye tsiku lina ndili pamsika, mlamu wanga, mchemwali wa malemu, anabwera kudzandizonda, n'kungoti kakasi maso ali pachifuwa panga. Kuyang'ana, bulauzi yanyowa mbali zonse ziwiri. Unali mkaka, pamene mwana wanga womaliza anali kale Sitandade 4. Ndinalephera ngakhale kudziphimba ndi chitenje.

Nkhani inafika kwa apongozi ine ndisanalongedze tomato. Anandikhazika pamphasa, amayi akuluakulu n'kundifinya mawere onse akuona, mkaka n'kutulukadi. Anati nditchule mwini mimba, apo ayi ndituluke m'nyumba imene tinamanga ndi malemu ku Chileka, ana ndiwasiye. Ndinalumbira, ndinalira, koma mkaka woti anthu auona ndi maso ungautsutse bwanji? Kuchipatala chakwathu anandiyeza kawiri, mimba palibe, mlamu wanga n'kumati ndachotsa. Miyezi inayi tinkangozengana mlandu, ine osalabada kuti ndayamba kugunda zitseko ndi mapewa, wondidzera cham'mbali osamuona.

Mpaka njinga ya kabaza inandigwetsa pamsewu dzuwa likuswa mtengo, yochokera kumanzere, ine osaiona n'komwe. Mlamu wanga anandiperekeza kuchipatala chachikulu m'tauni, osati chifukwa cha chifundo ayi, ankafuna akamve yekha za mimba yochotsa ija. Adokotala anatambasula manja uku ndi uku kuti ndiwerenge zala, ine ndinkangoona nkhope yawo yokha. Atanditenga magazi ndi kundijambula m'mutu, anafotokoza kuti pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono ngati nsawawa kamene kamalamulira msambo ndi mkaka, ndipo kwa ine pamalo amenewo panamera zotupa ziwiri zosiyana, china chikuchulukitsa mahomoni a mkaka m'magazi, china chikupanikiza mitsempha ya maso. Zotupa ziwiri m'mutu mwanga, ine ndikuweruzidwa za chigololo. Kenaka adokotala aja anatembenukira kwa mlamu wanga.

"Mayi awa mimba analibe. Mukanabwera nawo mkaka utangoyamba, diso lamanzereli tikanalipulumutsa."

Mapiritsi anaumitsa mkaka, chotupa chinacho anachichotsa podzera m'mphuno. Abale a malemu anandisudzula mwaulemu, nyumba ndikadali momwemo ndi ana anga, koma diso lija silinabwerere.

Mwambo sindiunyoza, koma lero ndimakhulupirira kuti thupi likachita zachilendo, woyamba kufunsidwa akhale dokotala, osati bwalo la abale. Inu amayi, msambo ukasiya, mkaka n'kumatuluka mulibe mimba, maso n'kuyamba kutha m'mbali, musataye miyezi mukulumbira pamphasa ngati ine. Mlamu wanga anapepesa ndipo ndinamukhululukira, koma mpaka lero akabwera kwathu amayamba wazungulira kuti akhale kumanja kwanga, chifukwa akudziwa kuti kumanzere sindingamuone.