Magazi Amene Sanawafune

Mng'ono wanga atandiuza kuti akupita ku India kukathiridwa maselo, ine ndinamva zanga. Kwathu kuno wodwala akasowa magazi, achipatala amaitana abale. Nanga akanapereka ndani kuposa ine wobadwa naye bere limodzi?

Matenda ake madokotala amangowatchula kuti MS. Akuti chitetezo cha m'thupi chimapenga n'kuyamba kudya mitsempha ya mwini wake. Iye anali mphunzitsi ku Katete, munthu woyenda ngati akuthamangitsidwa. Zinayamba ndi dzanzi m'miyendo, kenako diso limodzi linachita chifunga, ndipo posakhalitsa ankayenda chogwira zipupa. Mankhwala a ku Lusaka anakanika.

Ndinayamba kukonza magazi mwakachetechete. Madzi a masamba a mapeyala m'mawa ndi madzulo, bonongwe, chiwindi chikapezeka. Mwamuna wanga ankaseka kuti ndiphulika. Ndinamuuza kuti akadzadwala a kwawo adzasekenso choncho.

Tsiku lotsanzikana ndinakwera minibasi pa Sinda nditanyamula beseni, kapu ndi zitenje, monga amachitira aliyense wokadikirira wodwala.

“Asisi, katunduyu ngwakuti?” anandifunsa nditafika ku Katete.

“Ngwakuchipatala. Magazi ndakonza kale, akatenge mmene angafunire.”

Anaseka mpaka kutsamwa. “Satenga a munthu wina. Akatenga maselo anga omwe, ochokera m'mafuta a m'mafupa, n'kuwasunga pozizira. Kenako akandipatsa mankhwala amphamvu ophera chitetezo chopengachi, n'kundibwezera maselo aja kuti chimere china.”

“Nanga wokudikirira?”

“Ndipita ndi alamu anu. Nawonso kulowa ndi mwa apo ndi apo, atavala zophimba pakamwa. Nthawi imeneyo ngakhale chimfine chikhoza kundipha.”

Ndinapsa mtima, sindibisa. Chipatala chanji chokana abale? Mwana ameneyu ndinamubereka kumbuyo, ndinamusamala pa chikuku, ndinagona pansi pa bedi lake pamene ankachira ana ake onse awiri. Lero akuti manja anga ali ndi tizirombo! Ndinabwerera ku Sinda ndi beseni langa, magazi ali tho m'thupi, opanda ntchito.

Panopa ali ku India komweko. Tsitsi linathothoka lonse. Madokotala sanalonjeze zambiri: matenda akhoza kuima, koma zimene anawononga kale mwina sizidzabwerera, ndipo ena chithandizo chomwecho chimawapha. Ndamusowa kwambiri. Ndikaganiza kuti akumusambitsa anthu osadziwa n'komwe kuti amadana ndi madzi otentha kwambiri, chakudya chimandikanika.

Tsiku lina masana anaimba ndikuswa mtedza pakhonde. Mawu ake anali ang'onoang'ono. Ine ndinayambapo zanga, kuti azidya, azifunda, asamangovomera zilizonse.

“Asisi,” anandidula, “takhalani chete pang'ono. Ikani foniyo pansi.”

Ndinaiika pamphasa. Chigayo chinkalira kutsidya kwa msewu. Mbuzi zinkalimbirana makoko a mtedza, ngolo inadutsa, ndipo mayi woyandikana nafe ankaitana mwana wake mokalipa. Ndinatseka pakamwa, chinthu chimene sindichitha, misozi ikugwera m'lichero.

Patapita nthawi ndinaganiza kuti wagona, ndipo ndinatola foni ija kuti ndiizimitse.

“Musadule,” anatero. “Ndikadali kwathu.”