Dazi la mazira lija lafika, achimwene

Achimwene, lero ndaseka mpaka misozi chifukwa cha inu. Mwana wanu Yusufu wabwera kudzandiona kuno kwa Nsamala, ndiye atavula chipewa, mutu wonse uli ngwee, dazi lokhalokha.

Ndakumbuka m'mawa uja nthawi ya atsamunda, muli kuki wa mzungu wa njanji ku Nkaya. Munatiphikira kadzutsa wa kuntchito kwanu, mumati ngopatsa thanzi: mazira, bonongwe, anyezi ndi tomato mu mtanda wa ufa wa tirigu, makala pansi, ena pachivundikiro. Alamu, ali ndi pakati pa Yusufuyo, anadya magawo awiri. Amayi atamva kuti muli mazira anagwira kumutu. "Iwe, wamudyetsa mazira? Mwana adzabadwa wopanda tsitsi!" Inu munangoti, "Iyayi amayi, akabadwa wadazi chipewa ndigula ndine." Miyezi itatu amayi osakulankhulani. Mwana anabadwa tsitsi lili bii, ndipo amayi anapempha okha kuti muphikenso.

Koma achimwene, amayi sananame, dazilo linangochedwa panjira. Kumene mukuusa nawo mumtendereko muwapepese. Chipewa chija wadzigulira yekha. Ndakusowani.