Nkhope za Buluu pa Kanema wa Alamu

Msewu wonse unkawatchula kuti a Tochi. Dzinali linabwera chifukwa cha kagwiridwe kawo ka ntchito. Munthu akabwera ndi kanema wamasiku anoyu, wopyapyala ngati chitseko cha kabati, n'kunena kuti mawu akumveka koma chithunzi palibe, iwo sankathamangira sikuludiraiva. Ankatseka chitseko cha shopu, kukoka katani, n'kusolola katochi m'thumba la malaya. Akakagunditsa pagalasi ankaweramira pafupi ngati munthu wosuzumira m'chitsime. Chithunzi chikaoneka mwachizimezime pansi pa kuwalako, ankawongoka n'kunena kuti, "Galasi lili moyo ili. Timababu ta kumbuyo ndi timene tafa. Musataye."

Anayamba ndi mawailesi ali mnyamata, kenako makanema akale aja a chimsana, olemera ngati thumba la simenti. Atabwera opyapyalawa, anzawo ambiri anagwa ulesi n'kusiya ntchito. A Tochi anatola kanema wakufa mmodzi, namuphwasula patebulo la kunyumba mpaka anamvetsa zam'kati mwake. Kuyambira pamenepo ankawerenga chithunzi monga namwino amawerengera nkhope ya wodwala. Mizere yoimirira yosasuntha inkawauza za tizingwe ta m'mphepete mwa galasi. Chithunzi chikamaduka timabokosi, ankam'bweza mwiniwake kuti akaone mbale yake yokokera kanema padenga. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo ankalinena kwa aliyense, wofunsa ndi wosafunsa yemwe: "Osayamba ndi kutsegula. Sintha chinthu chimodzi, uone. Wolakwa amadziulula yekha."

Shopu yawo inali chipinda chimodzi chogawidwa ndi shelefu. Kumanzere kunali tebulo lawo, kumanja kunali akazi awo ndi makina osokera. Ulusi unkapezeka m'makanema a anthu, timasikuluwu tinkapezeka m'matumba a mayunifolomu, koma panalibe wodandaula.

Chaka chimenecho tizilembo ta pabolodi la m'kati mwa kanema tinayamba kuwavuta. Iwo ankati ndi mafakitale amene ayamba kuumira inki. Nyali ya patebulo anaisendeza pafupi, kenako pafupi ndithu, mpaka inkawawotcha pachipumi. Za maso sankafuna kuziganizira. Bambo awo anachita ng'ala atakula, ndipo zaka zawo zomaliza anazithera pakhonde, wailesi ili pamiyendo, akufunsa aliyense wodutsa kuti ndi ndani.

Tsiku lina m'mawa kunabwera mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, amene ankameta tsitsi kumapeto kwa msewu. Analowa chammbali atakumbatira kanema wa m'shopu mwake.

"Alamu, mwana wanga wadwala. Anthu onse akuoneka abuluu. Wowerenga nkhani uja akukhala ngati wagwera mu inki."

A Tochi anamuyatsa, nabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuyang'anitsitsa. Malaya a wowerenga nkhaniyo anali oyera bwinobwino, mano akenso.

"Alibe vuto uyu. Ndi nyali zanu zamitundumitundu zija mwapachika m'shopu ngati malo ovinira."

Wometa ananyamula kanema wake akung'ung'udza. Sabata isanathe anabwera nayenso, thukuta lili kamukamu.

"Nyali ndazimitsa zonse, alamu. Makasitomala akundiseka. Dzulo wina wafunsa ngati timu yake yasintha yunifolomu."

A Tochi anatsata lamulo lawo. Anasintha chingwe, naona. Anachotsa dikoda ya wometa n'kulumikiza yawo, naonanso. Analowa ndi rimoti m'malo osinthira mitundu n'kubwezera zonse mmene zinachokera kufakitale. Chithunzi chinali chomwechija, choyera, chosalakwika.

"Alamu, sipiriti mumapaka anthu m'mutu uja, kapena mwayamba kumulawa?"

"Sekani. Koma ndikapita naye kwa anyamata okonza mafoni aja, msewu wonse udziwa kuti a Tochi alephera. Mpando wometera susunga chinsinsi, ndipo pakamwa panga mukupadziwa."

Ananena moseka, koma mawuwo anawalasa a Tochi. Ntchito yawo inkayenda ndi mbiri basi. Analibe chikwangwani panja, anthu ankangouzana. Msewu ukangomva kuti sakuonanso vuto limene wometa tsitsi akuliona, ndani akanawasenzeranso kanema?

Makina osokera anali atasiya kulira. Akazi awo anadzuka, natenga nsalu yopindidwa pashelefu n'kuzungulira kubwera kumanzere, kumene sankapondako kawirikawiri. Pakanema pankaoneka zotsatsa sopo, mayi akuyanika mashiti pachingwe. Anaitambasula nsaluyo pambali pa galasi.

"Bambo, choyera n'chiti apa?"

"Mashitiwo. Nsalu yanuyo yachita chikasu, yakhalitsa pashelefu."

"Nsaluyi ndagula m'mawa uno. Ndi ya yunifolomu ya anamwino."

Wometa anatsegula pakamwa kuti aseke, koma ataona nkhope ya mlongo wake anameza phwetelo n'kuyamba kuyang'ana nsapato zake.

"Chingwe mwasintha, dikoda mwasintha," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Chatsala chimodzi chimene simunasinthe."

"Chiyani?"

"Woonayo. Achimwenewa akuona buluu. Inenso kuchokera pamakina paja ndakhala ndikuona buluu kuyambira tsiku loyamba lija. Ndimati mwina muona nokha."

A Tochi anakhala pansi pang'onopang'ono. Mutu wawo unayamba kugwira ntchito wokha, monga unazolowera. Timababu ta kumbuyo kwa galasi tikakalamba, utoto wachikasu wopakidwa pamwamba pake umapserera, ndipo kuwala kumatuluka kwabuluu. Zimenezo ankazidziwa, anali atakonzapo ambiri otere. Nanga ngati maso awo akupaka chikasu pa chilichonse? Buluu wa kanema ndi chikasu cha diso zikakumana, zifafanizana. Matenda awiri ankabisana, ndipo amodzi anali mwa wokonzayo. Anakumbukira bambo awo akudandaula kuti dzuwa la masiku ano lachita fumbi.

"Ndiye kuti ntchito yatha," anatero. "Bambo anayamba chomwechi."

"Apongozi anakana kupita kuchipatala, inu mukudziwa. Mayi aja ndinawasokera diresi lobiriwira anachotsedwa ng'ala chaka chatha. Pano ulusi akulowetsa okha m'singano, ine ndikungoonerera."

"Mpeni m'diso, mayi?"

"Inu mumatsegula makanema a eni ake tsiku ndi tsiku, iwo ataima pakhomo mitima ili m'mwamba. Tsopano ndi nthawi yanu yoima pakhomo."

Wometa anatsokomola. "Zonsezo n'zabwino, achemwali, koma mpira uli Loweruka."

A Tochi anaseka mosafuna. Anayala bulangete patebulo, nagoneka kanemayo chafufumimba n'kuyamba kumasula. Manja awo sankafuna maso: sikuluwu iliyonse ankaipeza ndi nsonga ya chala, tizingwe ankatimasula mofatsa ngati akuchotsa minga paphazi la mwana. Pofika pagalasi anaitana mlamu wawo.

"Gwirani uko, manja onse awiri, osapinda. Likathetheka ili, mukaonera mpira pawindo la eni ake."

Anasenza galasilo onse awiri osapuma, naligoneka patebulo lodulira nsalu. Pansi pake panali mizere ya timababu. A Tochi anatiyatsa, ndipo kwa iwo tinawala mbee.

"Mayi, ndibwerekeni maso. Mukuona chiyani?"

"Mzere wapamwambawu ukuyerako pang'ono. Yotsalayi ndi buluu weniweni, ngati yunifolomu ya ana a sukulu."

"Ndiye tichotsa yonse. Ukasiya umodzi wakale, chithunzi chimachita mawanga."

Anali ndi mizere yatsopano ya saizi yomweyo m'kabati. Anamata, nalumikiza, nabwezera mapepala owalitsa mwa dongosolo lake, kenako galasi. Atamuyatsa, akazi awo anatambasulanso nsalu ija pambali pake.

"Zafanana," anatero.

"Kwa ine zonse zachita chikasu."

"Ndiye kuti wachira."

Wometa anaonera mpira wake Loweruka, ndipo mpando wake unasunga chinsinsi koyamba chiugulireni.

Kuchipatala cha maso anapita sabata yotsatira, akazi awo ali pambali, atanyamula chikwama ngati akupita kutali. A Tochi anakhala pabenchi manja ali pakati pa mawondo. Atalowa, dokotala anatseka katani, nasolola katochi m'thumba la malaya n'kuweramira pafupi ndi nkhope yawo.

"Nanunso mumayambira tochi, adokotala?"

"Yang'anani khutu langali, bambo, musaphethire." Anaunika diso lina, kenako linzake. "Kumbuyo kwa diso kuli bwinobwino. Chachita chifunga ndi kagalasi ka kutsogoloku. Timakachotsa n'kuika kena."

"Sipeyala yake ilipo?"

"Ilipo yambiri."

A Tochi anapumira m'mwamba. Chinenero chimenecho ankachimva.

Anayamba ndi diso lamanja. Atawalola kubwerera kuntchito, anakhala patebulo lawo m'mawa wonse osagwira kanthu, akungotsinzina diso ili, kenako ilo. Lamanzere linkawaonetsa shopu imene anaizolowera, yofiirira ngati chithunzi chakale. Lamanja linkawaonetsa khoma loyera, ulusi wamitundu pashelefu, ndi imvi m'mutu mwa akazi awo zimene sankazidziwa.

"Mayi, izi zinabwera liti?"

"Munazibweretsa ndinu. Gwirani ntchito."

Kenako anayang'ana kanema wina amene anali atamukonza asanapite kuchipatala, mwiniwake asanabwere kudzatenga, ndipo anagwira pakamwa. Nkhope zonse zinali zotuwa mozizira. Posintha mitundu ankathira buluu wambiri kuti chithunzi chiyere m'maso mwawo, ndipo anachita zimenezo kwa miyezi, m'nyumba za anthu ambiri. Palibe anabwera kudzadandaula. Onse ankati a Tochi akanena kuti zili bwino, ndiye kuti zili bwino.

Anapempha akazi awo kachidutswa kotsala ka nsalu ija, nakapinda n'kukaika m'thumba limodzi ndi katochi. Masana anatuluka, nayamba kugogoda khomo ndi khomo mumsewu wonse.

"Odi, mayi. Kanema uja ndinakukonzerani, tandibwerekeni rimoti pang'ono."

Wometa anawaona akudutsa, lumo lili m'manja, nasuzumira pakhomo la shopu yake.

"Alamu, diso limodzi lokha mwasokoneza kale msewu. Akadzakonza linalo tidzathawira kuti?"

"Ndidzayambira mametedwe anuwo," anatero a Tochi osaima. "Pali mitu ingapo ndaiona lero, tikambirana."